Kumudzi Ndi Kuti? Kulondola Mbiri ya Banja Lanu mu Mzinda wa Blantyre

Anthu awiri akakumana koyamba mu Blantyre sachedwa kufunsana kuti, "Kodi kumudzi ndi kuti?" Ngakhale munthu wobadwira ku Gulupu n'kukulira ku Ndirande amayankha kuti ku Thyolo, ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay, n'kutchula ndi mfumu yomwe. Koma mumufunse kuti woyamba kubwera m'tauni muno pa banja lawo anali yani, anabwera liti, anadzatani, ankagona kuti, mupeza kuti ambiri yankho alibe. Chikhalirecho mbiri ya mzindawu yagona m'mayankho amenewo.

Ndikufuna kudziwa kumene makolo anga anachokera. Ndiyambire ku Zomba kapena pa intaneti?

Yambirani pakhonde pa agogo anu, ndipo musadikire tchuthi cha Khirisimasi. Anthu akuda ambiri a m'dziko muno anabadwa, kukwatira ndi kumwalira boma lisanawalembe paliponse. Lamulo la atsamunda lolembetsa ana obadwa linkakakamiza azungu ndi amwenye okha, ndipo kalembera wa nzika zonse, amene anatipatsa ziphaso zaunzika, anachitika mu 2017. Choncho ngati agogo a agogo anu sanagwirepo ntchito m'boma, sanabatizidwe, sanalowe usilikali ndiponso sanaimbidwepo mlandu kwa DC, dzina lawo lili m'mutu mwa nkhalamba ina basi.

Amene amasunga mibadwo kawirikawiri ndi amayi: agogo aakazi, azakhali, ndi mayi wamkulu uja amene amadziwa kuti uje anabadwa kwa yani komanso bambo ake enieni anali ndani. Amalume amene ali eni mbumba amadziwa za minda, za manda ndi za maukwati amene anaimira unkhoswe. Chezani nawo mmodzimmodzi, chifukwa pagulu wamng'ono satsutsa wamkulu, nkhani n'kuthera pa mawu a munthu mmodzi. Musapite chimanjamanja, shuga ndi sopo n'zokwanira. Pemphani kaye musanatsegule foni kuti mujambule mawu, ndipo mafunso anu asamveke ngati a kupolisi. Mukati, "Agogo, tatiuzani za ulendo wanu woyamba wa ku Kabula," pakamwa pamatseguka msanga kusiyana ndi kuyamba ndi chaka chobadwa.

Agogowo sadziwa chaka chimene anabadwa. Zaka ndizipeza bwanji?

Anthu akale ankawerenga nthawi ndi zochitika, ndipo zochitikazo zaka zake n'zodziwika. Nkhondo ya Chilembwe inali mu Januwale 1915. Chimfine chachikulu chimene chinapha anthu nkhondo ya Jeremani itangotha chinali cha 1918 ndi 1919. Napolo anagumula phiri la Zomba mu Disembala 1946. Njala imene anthu a ku Lunzu, ku Lirangwe ndi madera ena ozungulira Blantyre saiiwala ndi ya 1949, pamene amuna ambiri anapita kutali kukasuma, ena osabwerako. Chitaganya chinayamba mu 1953. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, n'kumangidwa pa 3 Malichi 1959. Mapaundi ndi masheleni tinawasiya mu 1971.

Tsono funsani motere: pa njala ija munali mutavinidwa? Kamuzu akubwera munali ndi ana angati? Mayi akayankha kuti, "Woyamba anali kumsana, wachiwiri ndili naye pakati," mwapeza zaka za ana awiriwo ndi zawo zomwe moyerekeza. Chaka cholembedwa pa chiphaso cha munthu wokalamba musafulumire kuchikhulupirira. Nthawi zambiri mlembi anachita kuganizira poyang'ana nkhope.

Bwanji osangotsata dzina la bambo mpaka kumbuyo?

Silifika patali. M'mabanja ambiri dzina limene tikulitcha la banja linayamba dzulodzuloli: mwana popita ku sukulu ya mishoni ankafunsidwa dzina la bambo ake, aphunzitsi n'kulemba, basi lakhazikika. Ana a bere limodzi amatha kukhala ndi mayina osiyana chifukwa wina analeredwa kwa amalume. Munthu mmodzi yemweyo ankakhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali kapena ku jando, la ubatizo, ndi lina la pa tikiti ya ntchito limene mwina anachita kupatsidwa ndi kapitawo pa esiteti. Wothawa msonkho ndi wodutsa malire nawo ankasintha. Funsani mayina onsewo, chifukwa simudziwa limene linalowa m'buku.

Komanso pakati pa Amang'anja, Achewa, Ayao ndi Alhomwe, amene ndiwo ochuluka kuzungulira Blantyre, mwana ndi wa kuchikazi. Mudzi, munda, manda ndi ufumu zimayenda ndi mbumba. Mwamuna ankabwera ngati mkamwini, ukwati ukatha n'kunyamula kathumba kake kumapita. Mukatsata amuna okha muona ngati banja lanu linkangoyendayenda, pamene amayi ake akhala pa mudzi umodzi mibadwo isanu. Kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka, Angonde ndi Asena, kumene amalowola, mzere wa bambo ndiwo umalondoleka bwino.

Mfunda, kaya Phiri, Banda, Mbewe, Mwale, Milanzi kapena Ngozo, umathandiza, koma a Phiri onse si abale anu apafupi. Kwa Alhomwe funsani ngati makolo anali Amihavani, Amanyawa, Atakhwani kapena Akokhola, popeza zimenezo zimaloza chigawo cha ku Mozambique kumene anachokera.

Kodi eni ake a Blantyre ndi ndani, nanga enafe tinabwera liti?

Azungu a mpingo wa Church of Scotland asanafike mu 1876, kuno kunali midzi ya Amang'anja ndi ya Ayao amene anali atabwera zaka zingapo m'mbuyomo. Henry Henderson anasankha malo a mishoni m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo amene ankamutsogolera ndi kumumasulira anali Tom Bokwito, yemwe anawomboledwa ku ukapolo ali mwana. Dzina lakuti Blantyre ndi la kamudzi ka ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Maufumu a Kapeni, Machinjiri, Somba ndi Kuntaja alipo mpaka lero, ndipo ngati kwanu kuli pansi pa umodzi mwa amenewa, mwina makolo anu sanachite kubwera m'tauni. Tauni ndi imene inawapeza.

Enafe tinabwera m'magulumagulu. Oyamba anali othawa nkhondo ndi ukapolo amene anadzabisala pa mishoni, makamaka Angoni a Chikusi atathira nkhondo derali mu 1884. Kenako kunabwera amtengatenga, osenza katundu wa kampani ya African Lakes kuchokera pa doko la Katunga pa Shire, kukwera zitunda zonse zija mpaka ku Mandala, n'kupitirira ku Matope. Nyumba ya Mandala ya 1882 idakaimabe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Buku lililonse limatchula David Clement Scott amene anachilinganiza, koma oumba njerwa, oziwotcha ndi ozisanja anali anthu akuda, ndipo zidzukulu zawo zimadutsa pa tchalitchicho pa HHI tsiku ndi tsiku osadziwa kuti khoma limenelo ndi ntchito ya manja a kwawo. Ichi ndicho chimandipweteka pa mbiri yolembedwa ya mzinda uno: misewu ili ndi mayina a olamula ntchito, ogwira ntchitoyo anangowerengedwa ngati chiwerengero. Amene angawabweze m'mbiri ndi mabanja awo okha.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alhomwe anayamba kulowa ochuluka pothawa nkhanza za Apwitikizi. Anakhala pa maesiteti a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu pogwira thangata, ana awo n'kumatsikira m'tauni. Njanji inafika mu 1908, chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe, ndipo Limbe anakula ndi anthu a njanji ndi a fodya mpaka anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Makalaliki ndi aphunzitsi ophunzira ku Livingstonia nawonso anabwera kuchokera kumpoto. Pakati pa tauni panali pa azungu ndi amwenye. Wantchito wakuda, kupatula wogona kuseri kwa nyumba ya bwana, ankalawirira wapansi kuchokera ku Ndirande, ku Chilomoni ndi midzi ina yozungulira. N'chifukwa chake mukadziwa ntchito imene munthu wanu ankagwira, mumadziwanso mbali ya mzinda yoyambira kumufunafuna.

Zolembedwa zoyamba kuzifufuza ndi ziti?

Mabuku a mpingo. Amishoni ankalemba ubatizo, maukwati ndi mayina a akalasi pa nthawi imene boma linkangowerenga nyumba za msonkho. Kaundula wa ubatizo wa Akatolika kawirikawiri amatchula makolo a mwana, mudzi ndi womuimira, ndipo munthuyo akadzakwatira amakalembanso pambali pa dzina lake. Koma mpingo wa ku Ndirande kapena ku Bangwe umene mukupempherako lero mwina kalelo unali nthambi chabe, ndiye mabuku ake akale ali ku mishoni yaikulu: Blantyre, Domasi, Mulanje, Nguludi, Mitsidi, Malamulo kapena PIM ku Mbombwe. Dzerani kwa abusa kapena kwa bambo mfumu, mutanyamula dzina la ubatizo, mudzi ndi zaka zoyerekeza. Mabukuwa ndi okalamba, ena chiswe chinalawako kale, choncho musanyowetse chala ndi malovu potembenuza masamba.

Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi wa abusa awiri akuda oyamba kudzozedwa ku Blantyre mu 1911, analemba m'Chinyanja kabuku ka chiyambi cha mishoniyi. Amene makolo awo anali a pa mishoni akafunefune.

Kwa mabanja a Chisilamu kaundula wotere ndi wosowa, koma mashehe achikulire amadziwa amene anaphunzitsa mnzake, ndipo mzere umenewo umakufikitsani ku Mangochi, ku Nkhotakota, nthawi zina mpaka ku Zanzibar.

Nanga ku National Archives ku Zomba ndikapezako chiyani?

Musayembekezere faili yolembedwa dzina la agogo anu pachikuto. Ofesiyi inayamba mu 1947, ndipo zikalata zambiri za boma za zaka zoyambirira zinapsa pa moto umene unawononga maofesi a boma ku Zomba mu 1919. Zimene zilipo zinasanjidwa potsata ofesi imene inazilemba, ndiye mumalowera pa boma la kwanu ndi mfumu yanu. Ma DC ankasunga mabuku ofotokoza mafumu, midzi ndi kumene anthu ake anachokera. Milandu yolimbirana ufumu ndiyo yolemera kwambiri, chifukwa mbali iliyonse inkayala mibadwo yake pofuna kutsimikiza kuti mpando ndi wake. Makhoti a mafumu atakhazikitsidwa mu 1933, milandu ya ukwati, ya minda ndi ya chuma chamasiye inayamba kulembedwa. Kulinso nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times ndi Malawi News, ndi zikalata zimene mishoni zina zinakasungitsa. Tengani chiphaso, funsani za chilolezo ndi malipiro musananyamuke, ndipo musaganize zomaliza tsiku limodzi.

Phunziraninso mayina akale a malo. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje anali Mlanje, Nsanje anali Port Herald, Mangochi Fort Johnston, Mchinji Fort Manning, Nkhotakota Kota Kota. Amishoni ena ankalemba "c" pamene ife timalemba "ch". Alhomwe m'zikalata za atsamunda amatchedwa Anguru, dzina lonyoza limene Lewis Bandawe ndi anzake analikana m'zaka za m'ma 1940.

Muli ku Zomba konko kaoneni nsanja ya chikumbutso cha asilikali a KAR, pamene pali mayina a amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amtengatenga pafupifupi 200,000 amene anasenza katundu wa nkhondoyo, ambiri mwa iwo sanalembedwe pa mwala uliwonse. Mu Blantyre momwemo, m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House muli laibulale ya Society of Malawi, yokhala ndi zithunzi zakale, mapu ndi magazini yawo imene yakhala ikutuluka kuyambira 1948.

Agogo aamuna anapita ku Joni osabwerako. Pali chiyembekezo?

Chilipo, ngakhale n'chochepa. Pa Wenela pamene tikukwerera basi lero panatenga dzina la kampani yolemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa. Mu 1974 ndege ya kampaniyi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu anaimitsa ntchito yolembayo pa nthawi imene ku migodi kunali Amalawi oposa 100,000. Aliyense wopita kudzera ku Wenela, kapena ku TEBA imene inalowa m'malo mwake, anali ndi nambala, ndipo mbiri ya ntchito yake inkasungidwa potsata nambalayo. Ifufuzeni pa makalata, pa chitupa, kapena m'sutikesi yachitsulo imene ili pansi pa bedi. Ovuta kuwalondola ndi amene anapita selefu, wapansi kudzera ku Tete, poti ambiri ankasintha dzina panjira.

Njira ina ndi magulu amene machona anayambitsa kumene anakakhala. Ku Harare, ku Bulawayo, m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe kuli mipingo ya CCAP, mizikiti, madambwe a Gule Wamkulu ndi mabungwe othandizana pa maliro, ndipo akuluakulu ake amakumbukira kuti uje anali wa kwa yani. Inu amene muli ku Mbare kapena ku Highfield mukufunafuna kwanu, mawu akuti "agogo anachokera ku Blantyre" muwatenge mosamala. Kumeneko anthu a ku Nyasaland ankangotchedwa a Blantyre, ngakhale wochokera ku Dedza. Chimene chingakufikitseni pakhomo ndi boma, mfumu yaikulu ndi nyakwawa, ndipo zitupa zakale zinkalemba zimenezi.

Akuluakulu amati Blantyre wakale anali wokoma kuposa wa lero. N'zoona kapena ndi ukalamba chabe?

Zambiri n'zoona, ndipo si bwino kuwaseka. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango. Lero latsala miyala ndi minda. Mtsinje wa Mudi unali madzi oti munthu n'kuchapamo. Basi za UTM zinkaima pa siteji zake. Mafakitale a ku Makata ndi Ginnery Corner, David Whitehead wa nsalu, Carlsberg imene inatsegulidwa mu 1968, ankalemba anthu ochuluka, mwezi ukatha munthu n'kulowa mu Kandodo kapena PTC atanyamula envulopu yake. Kunali kanema ku Apollo, mpira wa Bata Bullets ndi Yamaha Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndi gitala la Daniel Kachamba wa ku Chileka pa wailesi ya MBC. Munthu akamalira zimenezi akulira zinthu zimene zinalipodi.

Koma mu 1966 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 110,000, pamene kalembera wa 2018 anapeza oposa 800,000. Misewu, mipope ndi misika yomangidwira anthu ochepa aja ndi imene tikulimbirana lero. Ndipo ukhondo uja unkayenda limodzi ndi mantha. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika ndi pa khomo la basi. Lamulo la 1973 linkaletsa mayi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo. Nyumba yopakidwa nyenyezi yofiira inkayenera kugwetsedwa, ndipo nyumba zina zakale zinapita motero. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ambiri n'kuthawa m'dziko muno. Mabanja ena ali ndi munthu amene anatengedwa usiku, n'kudzamveka patapita nthawi kuti ali ku Chichiri kapena ku Mikuyu.

Wofufuza mbiri alembe zonse ziwiri. Gogo yemweyo amene akulira buledi wotchipa, mukadekha naye, akuuzani za mchimwene wake amene anamangidwa. Chothandiza ndi mafunso ogwirika: munkalandira zingati pa mwezi, lendi inali zingati, madzi munkatunga kuti, pakhomo loyandikana nanu pankakhala yani, mwana akadwala munkapita naye kuti? Mayankho amenewa ndi amene simungawapeze m'buku lililonse. Ngati miyendo idakali ndi mphamvu, atengeni muyende nawo kuchokera pa Clock Tower, kudutsa Victoria Avenue mpaka kumsika, muziwafunsa chimene chinali pa malo alionse. Munthu akaima pamene panali sitolo imene anagula nsapato zake zoyamba, amakumbukira ndi mayina amene pakhonde anawaiwala.

Nanga ndikapeza zinthu zochititsa manyazi?

Konzekerani, chifukwa zimapezeka. Kholo limene linagwidwa ukapolo kapena linagulitsa anzake, mwana wa mzungu wa pa esiteti kapena wa mwenye wa sitolo amene bambo ake sanamuvomere, wokanenera anzake kwa a chipani, wothamangitsidwa pamudzi pomuganizira ufiti. Nkhani ya ukapolo ndiyo yovuta kwambiri kumudzi, popeza mpaka lero imakhudza woyenera kulowa ufumu ndi mwini mphamvu pa munda. Lembani zimene mwamva, amene wakuuzani ndi tsiku lake, koma musaziponye pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja musanakambirane ndi okhudzidwa amene ali moyo. Akuluakulu awiri akatsutsana, sungani mawu a onse, ngakhale a mmodziyo akukuchotsani ku banja lachifumu kumene mumaganiza kuti ndi kwanu.

Zimene ndapezazo ndizisunge bwanji?

Pa malo angapo. Namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, pamodzi ndi miyoyo ya anthu panapitanso zithunzi, makadi a ubatizo ndi makalata amene mabanja anasunga zaka zambiri. Foni nayo imabedwa, imafa. Jambulani chikalata chilichonse mutumize kwa abale okhala madera osiyana, koma lembaninso ndi bolopeni m'kope lachikuto cholimba. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo mayina a onse amene ali pamenepo, malo ndi chaka, agogo akadali ndi maso oti n'kuwazindikira. Mapepala a mbiri ya malemu amene amawerengedwa pa maliro musataye. Pa mwambo wa chiliza, pamene mbumba yonse yasonkhana, werengani mokweza zimene mwalemba kuti akukonzeni pamene mwaphonya. Ndipo mukafuna kukawerenga mayina ndi zaka pa ziliza zakale, yambani mwapempha kwa mfumu kuti ikupatseni munthu wokuperekezani, chifukwa kumudzi salowa kumanda popanda chilolezo.